Nyimbo Ngati Chikole: Kukumbukira Brian Williams wa ku Music Row



Ambiri a ife tinakulira m'nyumba momwe mawu a Jim Reeves ankamveka Lamlungu m'mawa anthu akusita zovala za ku tchalitchi. Ena tinamudziwira Don Williams m'basi zopita kumudzi, ena Dolly Parton pa wailesi ya MBC. Zambiri mwa nyimbo zimenezo zinajambulidwa mumzinda umodzi, Nashville, m'chigawo cha Tennessee ku America, ndipo mumzindamo zinkachokera m'kadera kakang'ono ka misewu yowerengeka kotchedwa Music Row. Lero ndikufuna tikumbukire munthu wina wa m'kadera kameneko amene ntchito yake sinali ya pa nsanja kapena ya mu situdiyo. Anali munthu wa ku banki.

Dzina lawo ndi Brian Williams. Likufanana ndi la Don Williams, woimba uja timamukonda kuno, koma awa ndi munthu wina. Anali mkulu ku banki ya SunTrust, ndipo anatsogolera dipatimenti yotumikira anthu a nyimbo kuyambira pamene anaikhazikitsa mu 1988, nthawi imene banki ya ku Nashville ija inkadziwikabe ndi dzina lake lakale la Third National Bank. Pa nthawiyo anali asanakwanitse zaka 30. Anamwalira pa 8 July 2006 ali ndi zaka 45 zokha. Zaka 18 zimenezo anazithera pa ntchito imodzi: kuonetsa banki kuti nyimbo ndi katundu, woti munthu angamuyeze mtengo, angasiyire ana ake, ndiponso angapereke ngati chikole pokatenga ngongole.

Kuti timvetse kulemera kwa ntchitoyi, tiyambe tauona mzindawo. Nyimbo zisanautchukitse, Nashville unali mzinda wa mabanki, makampani a inshuwalansi, masukulu a ukachenjede ndi nyumba zosindikiza mabuku a chipembedzo. Ngakhale pulogalamu yotchuka ya Grand Ole Opry, imene inayamba mu 1925 pa wailesi ya WSM, mwini wake anali kampani ya inshuwalansi, National Life and Accident Insurance Company, yomwe inatsegula wailesiyo kuti anthu amve dzina lake n'kumagula inshuwalansi. Ndiye kuti anthu a ndalama anadziwa msanga kuti gitala ndi banjo zimakoka makasitomala. Koma kudziwa zimenezo n'kwina, kulemekeza woimbayo n'kwinanso. Kwa zaka zambiri mabanja olemera a mumzindamo ankaziona nyimbozi ngati za anthu osaphunzira a kumapiri, zochotsa ulemu mzinda wa anthu ophunzira. Woimba ankafunika pa wailesi Loweruka usiku. Lolemba m'mawa akalowa m'banki ankakhala mlendo.

Music Row inayamba chapakati pa zaka za m'ma 1950, pamene abale awiri, Owen ndi Harold Bradley, anagula nyumba pa msewu wa 16th Avenue South n'kuisandutsa situdiyo. Kuseri kwake anaikako chinyumba cha malata chokhota denga, cha mtundu umene asilikali ankagwiritsa ntchito pa nkhondo, ndipo ku situdiyo imeneyo ndi kumene Patsy Cline anajambulira "Crazy" mu 1961. Kampani ya RCA inatsegula yake chapafupi mu 1957, momwe Jim Reeves anajambuliramo nyimbo zambiri zimene makolo athu ankazikonda. Ena anatsatira, kugula nyumba zogonamo anthu n'kuzisandutsa maofesi, mpaka kaderako kanadzaza.

Tsopano tione mmene ndalama imayendera, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Nyimbo imene mumaimva pa wailesi ili ndi umwini wa mitundu iwiri pa lamulo. Pali nyimbo yeniyeniyo, mawu ndi maimbidwe ake, ndipo mwini wake ndi wopeka. Ndiye pali chojambulidwa, mawu a woimba wakutiwakuti ndi zida zake monga anazijambulira tsiku lakutilakuti, ndipo mwini wake kawirikawiri amakhala kampani yojambula zimbale. Kwathu kuno tinazolowera kuti wopeka, woimba ndi wogulitsa ndi munthu mmodzi yemweyo. Ku Nashville kuli anthu ambirimbiri amene ntchito yawo ndi kupeka basi. Amalawirira ku ofesi, amakhala awiri kapena atatu m'kachipinda ndi gitala ndi kope, pofika madzulo nyimbo yatha. Ambiri amakhala pansi pa kampani yoyang'anira nyimbo, imene imazitsatsa kwa oimba, imatolera ndalama, ndipo mwa chizolowezi chakale imatengako theka.

Ndalama ya wopeka imabwera m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi ya pa chimbale chilichonse chopita pa msika, ndipo mtengo wake amauika ndi boma. Kuchokera mu 1909 mpaka kumapeto kwa 1977 mtengowo sunasunthe: masenti 2 pa nyimbo. Zaka pafupifupi 70, mitengo ya zinthu zonse ikukwera, wopeka akulandirabe masenti 2. Pofika chaka chimene a Williams anamwalira unali utafika pa masenti 9.1. Tiwerengere limodzi. Nyimbo yanu imodzi ili pa chimbale chimene chagulidwa makope 1 miliyoni, ndiwo madola 91,000. Kampani yoyang'anira yatenga theka, atsala 45,500. Munapeka awiri, ndiye anu ndi 22,750. Pa amenewo kampani iyamba yachotsa ndalama zonse zimene yakhala ikukupatsani mwezi ndi mwezi kuti muzidyera, chifukwa zija zinali zokongoza, sanali malipiro. Otsalawo boma lifunako msonkho. Ndipo pamenepa tikunena za chimbale cha makope 1 miliyoni, chimene opeka ambiri amakalamba osachilawa.

Njira yachiwiri ndi ya kuulutsa: wailesi, kanema, malo achisangalalo. Amatolera ndi mabungwe monga ASCAP, lomwe linayamba mu 1914, BMI, la mu 1939, ndi SESAC. Kwa nyimbo imene yagwira msika, ndalama yeniyeni ili uku. Koma imachedwa. Mabungwe akuluakuluwo amalipira pa miyezi 3 iliyonse, ndipo ndalama ya nyimbo imene ikulira lero imafika patatha miyezi 6 kapena kuposa. Ya kunja kwa dziko imatha chaka n'kupitirira. Taganizirani munthu amene nyimbo yake ili pa nambala 1 m'dziko lonse, anthu akumugwira chanza m'misewu, koma lendi ya mwezi uno alibe. Ndalama ilipo ndithu, ndi yake, koma ikadali m'njira.

Munthu ameneyu akapita ku banki wamba amapatsidwa fomu. Fomuyo imafunsa dzina la bwana, malipiro a pamwezi, ndi mapepala a malipiro a miyezi yapitayo. Iye bwana alibe. Chaka chatha anapeza zochepa, chaka chino apeza zochuluka zedi, za chaka chamawa palibe angalumbirire. Wa ngongole amayang'ana manambalawo, amayang'ana munthuyo, jinzi ndi tsitsi lofika m'mapewa, n'kufunsa ngati ali ndi nyumba kapena malo oti apereke chikole. Sindikumunena wa ngongoleyo kuti ndi wouma mtima. Ndalama zimene amabwereketsa ndi za anthu ena, ndipo anamuphunzitsa kukana chimene sangathe kuchiyeza. Vuto linali loti anali ochepa kwambiri amene anadzipereka kuphunzira kayezedwe kake.

Zimene zimachitika munthu akasowa kokongola tikuziona pa moyo wa Willie Nelson, yemwe anapeka "Crazy" ija. Asanatchuke, ali ku Houston ndi mkazi ndi ana aang'ono, anagulitsa nyimbo yake "Family Bible" pa madola 50, ndipo "Night Life" anaigulitsa pa madola 150. Kugulitsako kunali kotheratu. "Family Bible" itatuluka m'mawu a Claude Gray mu 1960 n'kulowa m'gulu la nyimbo 10 zotsogola za country, pa chimbalepo panalembedwa maina a anthu ena. Tisamuweruze. Mlimi amene amagulitsa chimanga chikadali m'munda mu February amadziwa bwino lomwe kuti akadikira kukolola apeza zambiri, koma ana ayenera kudya usiku womwewo.

Atasamukira ku Nashville zinatsala pang'ono kubwerezeka. Faron Young, woimba wotchuka pa nthawiyo, anajambula nyimbo ya Nelson yotchedwa "Hello Walls". Nelson, atasowa pogwira, anamupempha kuti aigule pa madola 500. Young anakana. Iye ankadziwa kuti nyimboyo ili ndi tsogolo pa msika, choncho m'malo moigula anamubwereka ndalama, n'kumuletsa kuti asagulitse kwa wina aliyense. "Hello Walls" inakhala pa nambala 1 kwa milungu 9 mu 1961, ndipo cheke chimene Nelson anadzalandira chinali cha madola masauzande ambiri. Nkhani imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa muli zonse zimene banki ya oimba iyenera kukhala nazo. Young anali ndi ndalama m'thumba, ankadziwa mtengo weniweni wa katunduyo, ndipo anasankha kubwereketsa pamene akanatha kutenga motchipa. Koma Nelson anangochita mwayi kuti tsiku limenelo anagogoda pa khomo la munthu wachifundo. Opeka ena ambiri anakumana ndi ogula.

Chimene a Williams anachita ndi kutenga mwayi umenewo n'kuusandutsa ntchito ya tsiku ndi tsiku, yokhala ndi desiki, malamulo ndi chiwongoladzanja chodziwika. Sanali okha. Mabanki ena a mumzindamo analinso ndi anthu awo otumikira oimba. Koma dzina lawo ndi limodzi mwa amene anamatirira kwambiri ku ntchitoyi. Anayamba ndi kusamutsa banki. M'malo modikira kuti oimba azikakwera zikepe za nyumba zazitali za m'tauni, ofesi inapita ku Music Row komweko, pakati pa masitudiyo ndi maofesi a opeka. Zimaoneka ngati zazing'ono. Koma munthu wa banki amene amadya nkhomaliro pamalo amodzi ndi opeka, oyang'anira oimba, maloya ndi owerengera ndalama zawo amamva zinthu zimene sizilembedwa pa fomu: woimba uti walowa mu situdiyo, nyimbo iti yasankhidwa kupita ku mawailesi, kampani iti ikugwedezeka, ndani amasunga pangano.

Chimene chimafuna khama kwambiri pa ntchito yotere ndi kuphunzira kuwerenga mapepala ake. Ndikufuna muione desikiyo. Wopeka wabwera ndi mulu wa mapepala ochokera ku BMI a zaka zingapo. Pa tsamba lililonse pali maina a nyimbo, gawo lake la umwini pa iliyonse, kumene inaulutsidwa, ndi ndalama imene yalowa. Wa banki amatsata nyimbo imodziimodzi ndi chala, kuchoka tsamba ili kupita linalo. Nyimbo yatsopano imakwera mofulumira, imakhala pamwamba miyezi yowerengeka, kenako imatsika kwambiri. Funso ndi lakuti ikatsika imakaima pati. Ina imazimiririka. Ina imakhazikika pa kandalama kochepa koma kosaphonya, chaka ndi chaka, chifukwa mawailesi sanaitaye. Yachiwiriyi ndi imene banki ingatsamirepo. Akagwirizana, wopeka amasaina kalata youza BMI kapena ASCAP kuti ndalama zake zizipita kaye ku banki mpaka ngongole ithe. Umwini umakhalabe wake. Amatuluka ndi ndalama yolipirira nyumba kapena sukulu ya mwana, nyimbo zake zili m'manja, ndipo pa lamulo la ku America la lero zidzadyetsa mbumba yake mpaka zaka 70 iye atamwalira.

Woimba wa pa nsanja vuto lake ndi lina. Ku America mawailesi wamba a FM ndi AM salipira woimba kapena kampani yojambula, amalipira wopeka ndi kampani yoyang'anira nyimbo basi. Ndalama ya chimbale nayo woimba saiona mpaka kampani itabweza zimene inawononga pomujambula. Ambiri amadyera maulendo. Ndipo ulendo umayamba ndi kuwononga: basi yogonamo, oimba zida, dalaivala, zokuzira mawu, mafuta, masikipa ogulitsa pakhomo. Zambiri mwa izi zimalipidwa tikiti yoyamba isanang'ambidwe, ndipo m'miyezi yozizira zionetsero zimachepa. Wa banki amene amaidziwa kalendala imeneyi amaika masiku obwezera ngongole m'miyezi imene basi ili pa msewu.

Nthawi inawakomera a Williams. Mu May 1991 magazini ya Billboard inayamba kuwerenga malonda a zimbale kuchokera pa makina a m'masitolo, njira yotchedwa SoundScan, m'malo mofunsa eni masitolo zimene akuona kuti zikuyenda. Manambala enieni atatuluka, anthu anadabwa kuona kuchuluka kwa ogula nyimbo za country. Mu September chaka chomwecho chimbale cha Garth Brooks, Ropin' the Wind, chinalowa pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale za mitundu yonse m'sabata yake yoyamba, zimene chimbale cha country chinali chisanachitepo. Ndalama zinasefukira ku Music Row. Anyamata ndi atsikana amene dzana ankaperekera zakudya m'malesitilanti anayamba kulandira macheke amene makolo awo sanawaonepo. Dipatimenti ya a Williams inali itatha kale zaka 3 ikugwira ntchito. Ena anganene kuti unali mwayi. Ine ndikuti mwayiwo unapeza munthu atakhala kale pansi akuphunzira, nthawi imene ambiri m'mabanki ankaona kuti palibe chophunzira.

Ngati pali wina muno amene akukayikabe kuti nyimbo ndi katundu, amve izi. Mu 1942 woimba Roy Acuff ndi wopeka Fred Rose anayambitsa kampani yoyang'anira nyimbo ya Acuff-Rose, imene inadzasunga nyimbo za Hank Williams ndi za ena ambiri. Mu 2002 kampani ya Sony/ATV inagula nkhokwe imeneyo pa madola 157 miliyoni. Zimene inagula ndi umwini wa mawu ndi maimbidwe, zambiri zake zopekedwa ndi anthu amene anagona kalekale. Dolly Parton anazimvetsa izi akadali wamng'ono. Elvis Presley atafuna kujambula nyimbo yake "I Will Always Love You", imene inatuluka mu 1974, woyang'anira Elvis, Colonel Tom Parker, anafuna theka la umwini. Dolly anakana, mtima ukuwawa. Patatha zaka 18 Whitney Houston anaiimba, inazungulira dziko lonse, ndipo gawo lija Parker ankalifuna linali likadali la Dolly. Kukana koteroko kumatheka ngati munthu ali ndi pena podalira mwezi umenewo. Ntchito ya banki ya oimba ndi kukhala podalirapo.

Sindikufuna kuti tichoke pano tikuganiza kuti banki ndi bungwe la chifundo. SunTrust inatsegula dipatimentiyi kuti ipeze phindu. Ngongole ndi ngongole, ndipo chikole chimapita wokongola akalephera. Nashville ili ndi nkhani zowawa za mtundu umenewu. Dottie West, mayi woyamba wa nyimbo za country kupata mphoto ya Grammy, yemwe ambiri timamudziwa poimba ndi Kenny Rogers, anagwa m'ngongole mu 1990. Nyumba yake inalandidwa, ndipo mu 1991 katundu wake anagulitsidwa pa okishoni chifukwa cha misonkho. Chaka chomwecho anamwalira atachita ngozi ya galimoto pa ulendo wopita kukaimba ku Grand Ole Opry. Willie Nelson yemwe uja, atalemera, boma linamulanda katundu mu 1990 pa nkhani ya misonkho ya madola mamiliyoni ambiri. Choncho theka lina la ntchito ya wa banki wa oimba ndi losakoma. Munthu amene walandira cheke chachikulu koyamba amafunika womuuza maso ndi maso kuti gawo lalikulu ndi la msonkho, kuti cheke chotere mwina sichidzabweranso, ndi kuti nyumba akuifunayo idikire kaye. Woimba amakhala atazunguliridwa ndi anthu omuvomera chilichonse. Amene angamukanize n'kukhalabe bwenzi lake amasowa.

Nayenso wobwereketsa amatha kupsa. Mu 1997 katswiri wina wa za chuma, David Pullman, anakonzera David Bowie ngongole ya madola 55 miliyoni, chikole chake chili ndalama za m'tsogolo za zimbale 25 zakale. Kampani ya inshuwalansi ya Prudential inapereka ndalamazo pa chiwongoladzanja cha 7.9 peresenti kwa zaka 10. Patangotha zaka 2 kunabwera Napster, anthu n'kuyamba kugawana nyimbo ulere pa intaneti. Malonda a nyimbo zojambulidwa ku America, amene anafika pachimake mu 1999 pa madola oposa 14 biliyoni, anatsika ndi pafupifupi theka m'zaka 10. Mu 2004 kampani yoyeza ngongole ya Moody's inatsitsa mlingo wa ngongole ya Bowie kufika m'mphepete mwa ngongole zokayikitsa, ngakhale kuti pamapeto pake inabwezedwa. Zaka zomaliza za a Williams zinali m'nyengo imeneyo, pamene mapepala a dzulo anasiya kulosera bwino za mawa. Kukhalabe pa Music Row m'zaka zimenezo kunali kovuta kuposa kufikapo mu 1988.

Ntchito yawo inakula kupitirira nyimbo, n'kufika kwa anthu a mpikisano wa magalimoto, amene nawonso ndalama zawo zimabwera mwa apo ndi apo. A Williams anali m'gulu la amene anayambitsa Sound and Speed, chikondwerero chosonkhanitsa oimba a country ndi madalaivala a NASCAR, chimene ndalama zake zinkathandiza nyumba yosungira mbiri ya nyimbo ya Country Music Hall of Fame ndi Victory Junction, malo a ku North Carolina osangalalirako ana odwala matenda aakulu. Choyamba chinachitika mu January 2006.

Miyezi 6 pambuyo pake, Loweruka la pa 8 July, anali ku Center Hill Lake, nyanja yochita kutseka ndi damu kum'mawa kwa Nashville, kumene anthu a mumzindamo amakapumulako nyengo yotentha. Anachita ngozi posambira ndipo anamwalira. Tsoka silinunkha. Bungwe la Leadership Music, limene limasonkhanitsa ndi kuphunzitsa atsogoleri a ntchito za nyimbo ku Nashville, linatcha mphoto ina dzina lawo, Brian Williams Ambassador Award. Ndimaona kuti mphoto imeneyi ikunena zambiri. Anthu a nyimbo ali ndi akatswiri awoawo osawerengeka oti angawatchulire mphoto, koma iyi anaipatsa dzina la munthu wa ngongole. Banki imene anaitumikira inaphatikizana ndi BB&T mu 2019 n'kukhala Truist, ndipo lero mabanki angapo ali ndi anthu awo otumikira oimba ku Nashville, amalimbirana makasitomala amene kale ankabwezedwa pakhomo.

Ndisanakhale pansi ndinene za kwathu, chifukwa kusiyana kwake si kwakukulu monga timaganizira. Tili ndi lamulo loteteza umwini wa ntchito za luso, loyamba la mu 1989 ndi latsopano la mu 2016. Tili ndi bungwe la COSOMA, limene lakhala likutolera ndalama za umwini kuyambira mu 1992, ndipo lamulo latsopanoli linabweretsanso ndalama yotoleredwa pa zipangizo zosungira ndi kukoperapo nyimbo. Tilinso ndi lamulo la mu 2013 lolola kuti katundu wosunthika akhale chikole, kuti munthu asamabwezedwe chifukwa choti alibe nyumba ya pepala. Nyimbo zokhalitsa nazo tili nazo. Agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, nyimbo yawo "Linny Hoo" inazungulira dziko lapansi pa TikTok mu 2021, atayiimbanso ndi Patience Namadingo, ndipo atolankhani a kunja amene anakawaona kumudzi anawapeza alibe ngakhale foni yoti aonerepo kutchuka kwawo. Tonse muno taponyapo kangachepe m'mbale ya woimba amene wagonekedwa m'chipatala, munthu woti nyimbo zake zikulira pa ukwati uliwonse Loweruka lomwelo. Zimenezi zimandipweteka, ndipo ndikudziwa kuti sindili ndekha.

Msika wathu ndi waung'ono, zimenezo n'zoona. Kukopera nyimbo mwakuba kunapha malonda a makaseti ndi ma CD amene ankadyetsa oimba ambiri m'masiku a O.G. Issa ku Limbe, ena ogwiritsa ntchito nyimbo amachedwa kulipira, ndipo chiwongoladzanja cha kuno n'chokwera moti ngongole imatha kumiza munthu amene imafuna kumuthandiza. Sindikunena kuti mawa banki ibwereketse woimba aliyense wobwera ndi gitala. Koma taonani pamene tili. Mabanki athu amawadziwa oimba. Amawaika pa zikwangwani, amalipirira zionetsero, amawaitana kukasangalatsa alendo potsegulira nthambi yatsopano. Ndi pamene kampani ya inshuwalansi ija ya ku Nashville inali mu 1925. Woimba yemweyo akafuna ndalama yojambulira chimbale amathera ku banki m'khonde, kapena kwa wa katapila.

Kwa inu oimba, gawo lanu ndi mapepala. Lembetsani nyimbo iliyonse ku COSOMA. Mukapeka awiri, lembani tsiku lomwelo kuti wina gawo lake ndi lotani, musanachoke mu situdiyo, ubale ukadali wabwino. Ndalama ya pa chionetsero ndi ya pa intaneti idutse mu akaunti, ngakhale mutaitapa mawa lake, kuti pakhale mzere woti wina autsate ndi chala. Ndipo wina akabwera ndi ndalama m'manja kuti agule nyimbo yonse, funsani kaye ngati sangakubwerekeni.

Kwa inu a m'mabanki, pempho langa ndi laling'ono moti woyang'anira nthambi mmodzi angalikwanitse. Sankhani wachinyamata mmodzi wa m'dipatimenti ya ngongole, wokonda nyimbo komanso wosamala manambala. Mupatseni chaka. Akakhale pansi ndi a COSOMA ndi a bungwe la oimba, aone mapepala a malipiro a oimba amene avomera kumuonetsa, apite ku masitudiyo a ku Ndirande ndi ku Area 25, akaime pa geti la chionetsero aone mmene ndalama ya pakhomo imagawidwira pakati pa mwini malo, mwini zida, alonda ndi oimba. Adziwe kuti nyengo ya maukwati ndi zikondwerero imayamba liti ndipo mvula ikagwa ntchito imatsika bwanji. Chaka chikatha abwere ndi maina a oimba asanu amene ndalama zawo zikuoneka pa pepala, ndipo ngongole zoyambazo zikhale zazing'ono, zogulira zokuzira mawu kapena zojambulira chimbale, zobwezedwa kuchokera pa ndalama zimene zalembedwa kale m'dzina lawo.